Chipale Si Chofewa Nthawi Zonse

"Pali mwayi waukulu wa chipale chofewa chambiri mawa madzulo." Umu ndi mmene wophunzira wina wa ntchito yomasulira anatembenuzira mutu wa chenjezo lofiira la zanyengo la ku Britain. Simungaloze liwu limodzi m'chiganizochi n'kunena kuti walipeka yekha. Onse ndi mawu amene timawaona m'mabuku ndi kuwamva pa wailesi. Koma kawerengereni agogo anu chiganizo chimenechi, kenaka muwafunse ngati munthu wouzidwa zotere ayenera kuda nkhawa kapena kuthokoza. Mwayi timachita kuupempherera. Chofewa sichipweteka munthu. Uthenga umene eni ake amautumiza pofuna kunena kuti moyo uli pachiswe, m'Chichewa watuluka ngati lonjezo la zabwino.

Anzake ataona vutolo anayesa kukonza, ndipo apa m'pamene chisokonezo chinaonekera poyera. Wina anati tilembe matalala. Wina anati chisanu. Wina anati tisadzivute, aliyense amati sinowo. Winanso, pofuna kutchula nyengo imene zimenezi zimachitika, analemba dzinja, chonsecho dzinja lathu ndi nyengo ya mvula, ya thukuta ndi ya kupalira, yongofanana miyezi ndi nyengo yozizira ya ku Ulaya koma yosiyana nayo pa china chilichonse. Onsewa ndi ana odziwa Chichewa chawo. Chimene chikusowa si luso ayi, koma mawu amene anthu anawakhalira pansi n'kugwirizana.

Ndikudziwa funso limene ena ali nalo kale kukamwa: tivutikiranji ndi dzina la chinthu chimene sichigwa kwathu? Chinenero chimapita kumene eni ake apita. Olankhula Chichewa ali ku Leeds, ku Manchester, ku Glasgow, ambiri akugwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba, ntchito imene siima chifukwa kunja kwaipa. Ena amayenda pa msewu wa N3 pakati pa Johannesburg ndi Durban, umene mu Sepitembala 2024 unatsekeka ndi chipale cha ku Van Reenen's Pass, anthu n'kuchezera m'galimoto usiku wonse, mayi wina n'kumwalira ndi kuzizira. A zanyengo a ku South Africa anali atachenjeza kale. Ndipo chenjezo likafika pa foni m'Chingerezi silithera pomwepo. Munthu amalitembenuza pouza mkazi wake, mlamu wake wongofika kumene, kapena mayi ake amene abwera kudzaona mdzukulu. Kumasulira kumeneko kukuchitika kale, kaya ife aphunzitsi tivomereze kaya tikane.

Tione kaye chinthucho tisanakangane za dzina lake. Chakumapeto kwa Febuluwale 2018 ku Britain kunagwa chipale chimene manyuzipepala anachitcha Beast from the East. Nkhani yake inayambira kutali m'mwamba. Chapakati pa mweziwo, mpweya wa pamwamba pa North Pole, kutali kwambiri kuposa kumene kumafika mitambo ya mvula, unatentha mwadzidzidzi ndi madigiri makumi angapo m'masiku ochepa. Zikatero, mphepo yamphamvu imene imazungulira kumeneko kuchokera kumadzulo imafooka, pena n'kubwerera m'mbuyo, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu kusinthako kumatsikira pansi. Akatswiri a ku Met Office, bungwe la zanyengo la ku Britain, anaziona, nayamba kunena kudakali masiku ambiri kuti kukubwera kuzizira koopsa. Mpweya wolemera unakhazikika pamwamba pa Scandinavia, nutsegulira njira mphepo yozizira ya ku Russia kuti iwombe molunjika kumadzulo. Mphepoyo inali youma, koma powoloka North Sea, imene madzi ake anali ofundirapo kuposa mpweyawo, inamwa chinyezi n'kukachikhuthulira pamtunda chitasanduka chipale.

Pa 28 Febuluwale Met Office inatulutsa chenjezo lofiira la chigawo chapakati cha Scotland, kumene kuli Glasgow ndi Edinburgh. Usiku womwewo galimoto pafupifupi 1,000 zinakanirira pa msewu wa M80. Pa 1 Malichi namondwe Emma, amene dzina anam'patsa ndi a zanyengo a ku Portugal, anafika kuchokera kumwera atasenza mpweya wofunda ndi wonyowa, nakumana ndi wozizira uja. Chenjezo lofiira lina linaperekedwa kumwera chakumadzulo kwa England ndi kumwera kwa Wales, ndipo dziko lonse la Ireland linalowa m'chenjezo lofiira. Malo ena chipale chinaposa masentimita 50 kuya kwake. Sukulu masauzande angapo zinatsekedwa, ndege zinaima, buledi ndi mkaka zinatha m'masitolo, asilikali ananyamula anamwino ndi madokotala kupita nawo kuzipatala, ndipo kampani ya National Grid, imene inkayendetsa gasi m'dzikomo, inachenjeza kuti gasi akhoza kuperewera. Chitasungunuka, mavuto sanathe. Mapaipi anaphulika, ndipo lipoti la Ofwat, bungwe loyang'anira makampani a madzi, linapeza kuti makasitomala oposa 200,000 ku England ndi Wales anakhala opanda madzi kwa maola oposa 4, ena kwa masiku angapo. Ichi ndicho chinthu chimene tikuchifunira dzina.

Matalala ndiwakana poyamba, ndipo ndiwakana kwatunthu. Matalala timawadziwa. Amagwa kukutentha, kuchokera mu mtambo wautali wa mabingu, mmene mpweya wokwera mwamphamvu umanyamula timadontho n'kutiundanitsa mosanjikizana mpaka tikhale timiyala. Amagwa mphindi zochepa, ang'amba fodya, aboola masamba a chimanga, kenaka asungunuka dzuwa lisanalowe. Chipale chimabadwa mwa njira ina: nthunzi ya mumtambo wozizira imaundana n'kupanga timibulu topepuka ta nsonga zisanu ndi imodzi, timene timamatirirana potsika. Chimagwa maola ambiri, mwakachetechete, ndipo kuopsa kwake kuli pa kuunjikana. Munthu amene wauzidwa kuti kugwa matalala amaganiza zobisala pakhonde mpaka adutse. Ameneyo ndiye amalowa m'galimoto poganiza kuti pofika madzulo zikhala zitatha.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anakumana nalo vutoli, ndipo pena analemba matalala, pena chipale chofewa. Sindiwaimba mlandu. M'malo ambiri mmene Malemba amatchula chinthuchi, chofunika ndi kuyera kwake, ndipo matalala ndi oyera. Koma wa zanyengo safunsa za kuyera. Amafunsa za kuya, kulemera, nthawi imene chiyambe ndi mphepo imene idzachiulutse. Liwu lokwanira pa guwa silikwanira pa chenjezo.

Chisanu n'chapafupiko, komabe chili ndi ntchito yake kale. Chimene timaona pa udzu m'mamawa ku Dedza kapena ku Nyika mu Juni ndi Julayi sichigwa kuchokera mumtambo. Chimamera pansi pomwepo usiku umene kumwamba kuli mbee, mphepo ili zii. M'mayiko ozizira, kuundana kwa pansi kumeneku ndi ngozi payokha, ndipo Met Office imapereka chenjezo lake losiyana ndi la chipale. Tikapereka liwu loti chisanu ku chipale, titsala opanda dzina la chinthu chimene chimathyola miyendo ya okalamba m'njira za m'mbali mwa msewu tsiku limene kumwamba sikunagwe kanthu.

Tatsala ndi chipale chofewa, liwu limene lakhazikika m'mabuku. Vuto lake lili pa mchira wakewo. Mfotokozi woti chofewa wamatirira ku dzinalo mpaka wakhala gawo lake, ndipo watseka malo amene wa zanyengo amafuna kuikapo mfotokozi wina. Pakuti chipale chilipo cha mitundu, ndipo mtundu wake ndiwo umauza munthu choyenera kuopa. Kukazizira pang'ono chabe, pakati pa madigiri 0 ndi 2, chimagwa chonyowa, chomata ndi cholemera. Chimenechi chimathyola nthambi, kugwetsa mawaya a magetsi ndi kulemetsa madenga. Kukazizira kwambiri chimagwa chouma, chayekhayekha, ndipo mphepo imachinyamula monga imachitira ndi gaga pamene mayi akupeta, n'kukachiunjika m'misewu ya pakati pa mipanda mpaka mulu wake kubisa galimoto. Cha mu 2018 chinali chotere: galimoto yokankha chipale imadutsa, pakapita kanthawi msewu wakwiririkanso ngakhale kumwamba kwaleka. Ndipo chikapondedwa ndi matayala usana, n'kuundana usiku, m'mawa chimakhala cholimba ndi choterera. Kodi pamenepo tidzati chipale chofewa cholimba?

Ganizo langa n'losavuta. Tidule mchirawo, titsale ndi chipale. Liwuli lilibe ntchito yambiri m'nkhani za tsiku ndi tsiku moti n'kusokoneza munthu, ndipo limamveka bwino ndi aneni ake: chipale chikugwa, chaunjikana, chasungunuka. Likangomasulidwa limabala banja lonse. Tidzakhala ndi chipale chonyowa ndi chipale chaufa, chipale chosakanikirana ndi mvula, milu ya chipale, chipale choundana. Mvula imene imagwa ili madzi n'kuundana pomwe yakhudza pansi, monga inagwa m'madera ena a kumwera chakumadzulo kwa England pa nthawi ya Emma, tiitche mvula youndana, ndipo tiiphunzitse payokha, chifukwa imakuta msewu ndi mawaya ndi khungu loterera losaoneka bwino ndi maso.

Liwu limene Chingerezi chimati blizzard ndilo lofunika kusamala. Namondwe wa chipale akukwanira, ndipo namondwe waonetsa kale kuti amatha kusenza katundu watsopano: ndi liwu lakale la mkuntho, koma lero aliyense amati namondwe wa Idai, namondwe wa Ana, namondwe wa Freddy, osafunsa tanthauzo. Chofunika n'chakuti tisamamwaze liwuli pa chipale chilichonse chambiri. Ku Met Office amatero pamene chipale chikugwa ndi mphepo ya liwiro la makilomita pafupifupi 48 pa ola kapena kuposa, munthu osatha kuona kupitirira mamita 200. Ku America amafuna mphepo ya makilomita pafupifupi 56 pa ola, kuona kosapitirira mamita 400, ndipo zikhale choncho kwa maola 3. Kumeneko sikofunika n'komwe kuti chipale chikhale chikugwa, chogona pansi chikangoulutsidwa ndi mphepo n'chokwanira. Choncho mtima wa liwuli si kuchuluka kwa chipale, koma khungu limene mphepo imabweretsa. Munthu amatha kusochera pakati pa galimoto yake ndi nyumba imene ili pafupi.

A mbali ya sinowo ali ndi mfundo, ndipo sindiipeputsa. Amati munthu wa ku Glasgow amamva liwu la Chingerezi pa wailesi, pa basi ndi kwa bwana wake, ndiye liwu la Chichewa lomveka mofanana nalo limam'lumikiza msanga ndi zimene zikunenedwa mom'zungulira. Amatinso chinenero chimene chinalandira sukulu, buledi, foni ndi kompyuta chilibe chifukwa chochitira manyazi ndi sinowo. N'zoona. Ine sindikhulupirira kuti kubwereka ndi tchimo, ndipo amene amati sinowo pocheza ndi abale ake ndilibe naye mlandu. Chimene ndikukana n'chakuti sinowo akhale maziko a mawu a ntchito. Iye amabwera yekha. Achibale ake m'Chingerezi, monga sleet, slush, drift ndi blizzard, safanana naye mamvekedwe ngakhale pang'ono, moti tikabwereka mmodzi tiyenera kubwereka onse, ndipo wophunzira aloweze lililonse palokha popanda chom'thandiza kuganiza. Amene wamva chipale chonyowa koyamba wadziwa kale theka la tanthauzo. Amene wamva siliti sanadziwe kanthu. Ngakhale mgwirizano wake sunakhazikike: ena amati sinowo wagwa, ena sinowo yagwa. Choncho m'mabuku a sukulu ndi m'machenjezo olembedwa ndisankha chipale, ndipo pochitchula koyamba wolemba akhoza kuwonjezera kuti ndi chimene ena amati sinowo.

Koma dzina la chinthucho ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi liwu loyamba lija, mwayi. Apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa apa m'pamene pali mtima wa ntchito yonse yolosera.

Chipale n'chovuta kuchilosera kuposa mvula. Digiri imodzi yokha imasiyanitsa mvula wamba ndi chipale chotseka mzinda. Milimita imodzi ya madzi imapanga pafupifupi sentimita imodzi ya chipale, ndipo chikakhala chaufa chimaposa pamenepo. Ndiye kulakwitsa kwakung'ono pa kuchuluka kwa chinyezi kumakula kakhumi pofika pansi. Mpweya umazizira ndi kupitirira theka la digiri pa mamita 100 alionse amene munthu wakwera, n'chifukwa chake machenjezo a ku Britain amatchula msinkhu wa malo: m'chigwa mugwa mvula, pamtunda wa mamita 200 pagwa chipale, mudzi umodzimodzi. Pofuna kuthana ndi zimenezi akatswiri sayendetsa kompyuta kamodzi. Bungwe la zanyengo la mayiko a ku Ulaya la ECMWF, limene likulu lake lili ku Reading, limayendetsa chifanizo cha mlengalenga maulendo 51, ulendo uliwonse litasintha pang'ono poyambira. Maulendo ambiri akagwirizana, wa zanyengo amalankhula molimba mtima. Akabalalika, amadziwa kuti mlengalenga sunasankhe njira. Chimene amatulutsa si yankho limodzi, koma muyeso wa mmene chinthu chingathekere.

Muyeso umenewu ndiwo tikuutcha mwayi, ndipo pa mvula ya kwathu liwuli limadutsa bwinobwino chifukwa mlimi amaifunadi mvulayo. Pa chinthu chowononga silidutsa. Palibe Mchewa amene anganene kuti ali ndi mwayi wolumidwa ndi njoka. Tili ndi liwu labwino loti kuthekera, lopanda chimwemwe kapena chisoni mkati mwake: kuthekera kwakukulu, kuthekera kochepa, kuthekera kwa magawo 7 pa magawo 10. Tilinso ndi chiopsezo, limene a zaumoyo ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi alizoloweretsa kale m'makutu mwa anthu. Awiriwa si amodzi, ndipo kusiyana kwawo ndiko nzeru yonse ya machenjezo a masiku ano. Kuyambira 2011 Met Office sipereka mtundu wa chenjezo poyang'ana masentimita okha. Imaika pa sikelo zinthu ziwiri: kuthekera kwakuti chinthucho chichitika, ndi kukula kwa chisokonezo chimene chingabweretse. Chiopsezo ndi ziwirizi pamodzi. Chenjezo lofiira limatuluka pokhapokha zonse zili pamwamba. Lachikasu likhoza kutanthauza chinthu chaching'ono chimene chichitika ndithu, kapena chinthu choopsa kwambiri chimene kuthekera kwake kudakali kochepa chifukwa tsikulo lili kutali. Womasulira amene ali ndi liwu limodzi lokha, mwayi, sangathe kuuza munthu kusiyana kumeneku.

Mtundu wapakati, umene a ku Britain amati amber, ndiutche olenji popanda kudandaula. A Met Éireann a ku Ireland komanso bungwe la zanyengo la South Africa amautcha choncho kale, ndipo mwana aliyense amaudziwa. Pano kubwereka n'kwanzeru, chifukwa mtunduwo uyenera kufanana ndi umene munthu akuuona pa mapu.

Pali liwu linanso limene limayenda ndi mwayi, ndilo ulosi. Ulosi wa zanyengo wakhazikika pa wailesi ndipo sindikufuna kuuzula, koma tidziwe katundu amene wasenza. Mlosi, kaya wa m'Malemba kaya wa ula, amanena zoona kapena zabodza. Palibe mlosi wa magawo 7 pa 10. Ndiye chinthu chikapanda kuchitika monga ananenera, womvera amati anama, ndipo ulendo wotsatira samveranso. Vutoli si la Chichewa chokha. Mu Januwale 2015 a zanyengo a ku America ananena kuti mzinda wa New York ukhoza kulandira chipale cha masentimita 50 mpaka 75. Akuluakulu anatseka misewu ndi sitima za pansi pa nthaka. Namondweyo anadutsa chakum'mawa pang'ono kuposa mmene ankaganizira. Ku Central Park mu New York kunagwa masentimita pafupifupi 25, pamene Boston inalandira oposa 60. Katswiri wina wa bungwe la zanyengo la ku America la National Weather Service, Gary Szatkowski, anapepesa poyera, ndipo mkulu wa bungwelo pa nthawiyo, Louis Uccellini, anavomereza kuti ayenera kumafotokoza bwino kukayikitsa kumene kuli mu ulosi wawo. Namondwe analipodi, wamkulu monga ananenera. Chimene chinasowa ndi mawu ouza anthu kuti malire ake akhoza kusuntha. Chaka chotsatira, mu Januwale 2016, pa Central Park pomwepo panagwa masentimita pafupifupi 70.

Ngati eni Chingerezi anapunthwa pamenepa ali ndi mawu awo onse, ife amene tili ndi mwayi ndi ulosi basi tiyenera kusamala koposa. Chichewa sichisowa zida. Mneni wathu amasiyanitsa bwino chigwa, chikhoza kugwa, mwina chingagwe, chigwa ndithu. Awa ndi makwerero okonzeka kale. Chotsala n'kugwirizana kuti khwerero lililonse likuimira kuthekera kotani, n'kumaligwiritsa ntchito mofanana tsiku lililonse mpaka khutu la womvera lizolowere.

Pa kufotokoza zimene chipale chidzachite kwa anthu, Chichewa chili ndi mphamvu imene omasulira amaitaya okha. Amathamangira mayina olemera monga zotsatira ndi kukhudzidwa kwa madera, pamene chinenero chathu chimayenda ndi aneni. Bungwe la World Meteorological Organization linatulutsa malangizo mu 2015 olimbikitsa mayiko kuti asamangonena mmene nyengo idzakhalire, koma zimene idzachite. Masentimita 5 ogwa m'mawa wa tsiku la ntchito mu London amasokoneza anthu ochuluka kuposa masentimita 20 ogwa usiku m'mapiri a Scotland, kumene anthu ndi ochepa ndipo anazolowera. Ndiye chenjezo lofiira m'Chichewa limveke motere: Mawa kuyambira 3 koloko masana kugwa chipale chambiri ndi mphepo yamphamvu, ndipo a zanyengo akutsimikiza. Misewu itsekeka, mabasi ndi sitima ziima, magetsi akhoza kuzima. Musayende pokhapokha ngati pali moyo wa munthu. Gulani chakudya ndi mankhwala lero, tchajani foni, ndipo kaoneni okalamba amene muli nawo pafupi. Galimoto ikakanirira m'njira, khalani momwemo. M'mawu amenewa mulibe lachilendo limene agogo angafunse.

Funso n'lakuti, ntchito yogwirizanitsa mawu otere ndi ya yani? Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linathetsedwa mu 1995. Ambiri amalikumbukira ndi pulogalamu ya pa wailesi ya Tiphunzire Chichewa ndi mtima wake wokonza anthu pakamwa, ndipo ine sindikupempha kuti mtima umenewo ubwerere. M'malo mwake munabwera Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ntchito yaikulu yoyenera ulemu. Koma mtanthauziramawu amasonkhanitsa mawu amene alipo. Mawu a sayansi amakula pamene anthu akuphunzira ndi kukangana za sayansi m'chinenerocho. Lamulo la maphunziro la 2013 litaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, linachotsa Chichewa m'chipinda chimene mawu otere akanakuliramo. Mwana amaphunzira za mitambo, mphepo ndi kuthekera m'Chingerezi, kenaka akakula n'kukhala muulutsi timayembekeza kuti m'mphindi zochepa nkhani zisanayambe apeze yekha Chichewa chake. Amatola liwu loyamba limene lafika m'mutu, ndipo mawa mnzake wa wailesi ina atola lina.

Amene amati Chichewa sichingathe kunyamula sayansi ya zanyengo aone chiperoni ndi mwera. Chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, limanena chinthu chenicheni: mphepo yozizira ndi yonyowa ya kumwera chakum'mawa imene imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, ndipo akatswiri olemba m'Chingerezi anachita kulibwereka kwa ife. Msodzi wa pa nyanja ya Malawi akamva kuti kukubwera mwera safuna womasulira. Mawu amenewa ndi akuthwa chifukwa anthu anawanola powagwiritsa ntchito pa zinthu zokhudza moyo wawo. Koma amene amati tipeke liwu lachikale pa chilichonse, ngakhale lotalika ngati chiganizo, nawonso akulakwitsa, chifukwa liwu limene muulutsi sangalitchule kawiri osapuma silidzatuluka m'buku. Muyeso wanga ndi umodzi: womvera akamva liwulo, achite choyenera.

Ndipo ntchito imeneyi phindu lake silithera ku Glasgow. Kuthekera, chiopsezo ndi makwerero a chenjezo ndi mawu omwewo amene amafunika mvula yamphamvu ikamayandikira Chigwa cha Shire. Namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi mu Malichi 2023, ambiri ndi madzi osefukira ndi matope otsika m'mapiri monga la Soche. Kunena mamilimita a mvula ndi chinthu china. Kunena kuti phiri likhoza kugumuka, chokani m'munsi mwake usiku uno, ndi chinanso. Amene waphunzira kumasulira bwino chenjezo la chipale waphunzira kumasulira chenjezo lililonse.

Pempho langa likupita kwa a Nthambi yoona Zanyengo, amene amatulutsa kale ulosi m'Chichewa, kwa akatswiri a zinenero ku Zomba, kwa akonzi a nkhani m'nyumba zoulutsira mawu, ndi kwa anzathu a Chinyanja ku Zambia ndi ku Mozambique. Khalani pamodzi mulembe kabuku kakang'ono ka mawu a machenjezo a zanyengo, a kwathu ndi a kunja komwe. Muitanemo anamwino ndi madalaivala amene anaona chipale ndi maso awo. Liwu lililonse musanalisindikize, kaliwerengereni anthu a pamsika ndi a kumudzi, muwafunse chimene angachite atalimva, ndipo limene lawasocheretsa mulitaye ngakhale litakhala la m'buku lakale lolemekezeka. Pamene tikudikira kabukuko, aphunzitsi ndi omasulira tingayambe lero ndi ziwiri: tichotse chofewa pa chipale, ndipo tisatchulenso ngozi kuti mwayi.